PADRE GIOVANNI BATTISTA MARTINI (1706–1784): WANSEMBE AMENE ADALERA OIMBA

Mu mzinda wa Bologna, m'dziko la Italia, muli tchalitchi chakale chotchedwa San Francesco. M'nyumba ya ansembe yogundana ndi tchalitchicho mudakhala Padre Giovanni Battista Martini, a m'chipani cha Francisco Woyera, ndipo adatsogolera kwaya ya pamenepo zaka 59. Iwo sankakonda maulendo, thupi lao linali lodwaladwala, ndipo nyimbo zimene adapeka siziimbidwa kawirikawiri masiku ano. Komabe dzina lao limatchulidwa m'mbiri ya oimba ambiri otchuka a ku Ulaya, pakuti anyamata ofuna kuyamba ntchito ya nyimbo ankachoka ku maiko akutali kudzagogoda pa khomo lao, ndipo iwo ankawatsekulira. Tiyeni tione m'mene wansembe ameneyu adagwirira ntchito yolera ana a eni.

Ubwana wao

Giovanni adabadwa pa 24 Epulo 1706 mu Bologna momwemo. Bambo wake, Antonio Maria Martini, anali woimba vayolini, ndipo ndiye adayamba kuphunzitsa mwanayo nyimbo pakhomo. Sukulu adaphunzira kwa ansembe a Oratorio, otsata Filippo Neri Woyera. Kuimba ndi kuliza cembalo, chida cha nsambo chofanana ndi limba, adaphunzira kwa Angelo Predieri; luso la kupeka adalilandira kwa Antonio Riccieri ndiponso kwa Giacomo Antonio Perti, mkulu wa kwaya ya tchalitchi chachikulu cha San Petronio. Motero mnyamatayo adakula atazingidwa ndi akulu amene sadamumane nzeru zao, ndipo ngongole imeneyi adakhala akuibweza kwa ena moyo wake wonse.

Ali ndi zaka 15 adapempha kulowa m'chipani cha Francisco Woyera. Adamtumiza ku Lugo kukayesedwa, ndipo adachita malumbiro ake m'chaka cha 1722. Atabwerera kwao, akulu a chipani adaona kuti m'bale wamng'onoyu akudziwa nyimbo kopambana anzake, kotero m'chaka cha 1725 adampatsa udindo wa mkulu wa kwaya ya San Francesco, ali ndi zaka 19 zokha. Unsembe adaulandira m'chaka cha 1729.

Ntchito ya mkulu wa kwaya m'masiku amenewo inali yolemetsa. Iye ndiye ankapeka nyimbo za Misa, masalimo a mapemphero a madzulo ndi malitaniya a masiku a chaka. Ndiye ankasankha oimba, kuwaphunzitsa ndi kuwatsogolera. Padre Martini adapeka nyimbo zambiri za mtundu umenewu. Buku lao loyamba, la malitaniya ndi nyimbo zolemekeza Maria Woyera, lidasindikizidwa m'chaka cha 1734, ndipo m'chaka cha 1742 nyimbo zao 12 za limba ndi cembalo zidasindikizidwa ku Amsterdam. Mbiri yao itamveka, adaitanidwa kukagwira ntchito yaikulu ku Roma, koma iwo adasankha kukhalabe ku Bologna, pakati pa abale ao ndi ophunzira ao.

Nkhokwe ya mabuku

Chuma chokha chimene wansembe wa umphawiyu adakundika chinali mabuku. Ankalembera makalata ansembe anzao, oimba ndi eni nyumba za mabuku m'maiko ambiri, kupempha kuti amtumizire nyimbo zakale, kapena kuti wina azikopere pamanja. Makalata pafupifupi 6,000 a iwo ndi a anthu owalembera adasungidwa kufikira lero. Charles Burney, Mngelezi wolemba mbiri ya nyimbo, adawachezera m'chaka cha 1770, ndipo adayerekeza kuti mabukuwo anali ngati 17,000. Papa Benedetto XIV, amene adaali mwana wa ku Bologna ndipo adakhalapo Arkiepiskopi wa mzindawo, adalamula m'chaka cha 1750 kuti mabukuwo asadzamwazidwe. Papa yemweyo anali atalemba m'chaka cha 1749 kalata yolangiza za ulemu woyenera pa nyimbo za m'tchalitchi.

Kuchokera m'nkhokwe imeneyi Padre Martini adayamba kulemba mbiri ya nyimbo kuyambira pa chiyambi, buku lotchedwa Storia della musica. Gawo loyamba, la chaka cha 1757, adalipereka ulemu kwa Maria Bárbara de Bragança, mwana wa mfumu ya Portugal amene adakhala mfumukazi ya Espanha. Magawo ena awiri adatuluka m'zaka za 1770 ndi 1781. Ntchitoyo inali yaikulu kopitirira moyo wa munthu mmodzi, ndipo imfa idawapeza akali pa nyimbo za Agriki akale. Koma mabuku amene adasonkhanitsa pofuna kulemba mbiriyo adasanduka sukulu ya anyamata onse obwera kwa iwo.

Khomo lopapatiza

Kuti timvetse bwino chifundo cha Padre Martini, tiyenera kudziwa m'mene mnyamata woimba ankayambira ntchito pa nthawi imeneyo. Malo opezera chakudya anali atatu: kwaya ya tchalitchi, bwalo la mfumu kapena la munthu wolemera, ndi nyumba ya masewero oimba otchedwa opera. Pa makomo atatu onsewa munthu sankalowa ndi luso lokha ai. Pankafunika mkulu wina wodziwika womuchitira umboni, kalata yomuperekeza, ndiponso womulipirira chakudya ndi pogona pa zaka za maphunziro. Mwana wa mmphawi, ngakhale wa mphatso yotani, akasowa womugwira dzanja ankathera m'njira.

Ku Bologna kunalinso bungwe la akatswiri a nyimbo, Accademia Filarmonica, limene lidayamba m'chaka cha 1666. Wopambana mayeso a bungweli ankalandira chikalata cholemekezeka ku Ulaya konse. Padre Martini adalowa m'bungweli m'chaka cha 1758. Kuonjezera apo, matchalitchi akulu akafuna kusankha mkulu wa kwaya, kawirikawiri ankatumiza mapepala a opikisana kwa iwo kuti aweruze. Tsono mau ao anali ndi mphamvu yotsekula kapena kutseka tsogolo la munthu. Mphamvu yotereyi ena amaigwiritsa ntchito podzikuza kapena pokondera abale ao. Iwo adaigwiritsa ntchito potukula achinyamata, osayang'ana mtundu kapena dziko lao.

Kaphunzitsidwe kao

Phunziro lalikulu limene ankapereka linali la contrappunto, ndilo luso la kuluka mau angapo oyenda nthawi imodzi. Aliyense amene adaimbapo m'kwaya amadziwa kuti mau aang'ono a amai, mau apakati ndi mau aakulu a abambo ali ndi njira yaoyao, koma akakumana amakoma ngati nyimbo imodzi. Wopeka ayenera kudziwa pamene mau awiri angagundane ndi pamene ayenera kumasukirana, pamene liu lina liyamba ndi pamene linzake lilitsata. Wosadziwa zimenezi angathe kupeka kanyimbo kokoma, koma sangathe kumanga Misa yathunthu.

Aphunzitsi ambiri ankaloweza ana malamulo okhaokha. Padre Martini ankatsitsa buku pa alumali, kulitsekula pamaso pa wophunzira, ndi kumuonetsa m'mene akatswiri akale, monga Palestrina amene adamwalira m'chaka cha 1594, adathetsera vuto lomwelo. Kenaka ankampatsa nyimbo ya Gregorio ya liu limodzi kuti aimangire mau ena pamwamba pake, ndipo ntchitoyo ikatha ankaikonza ndi dzanja lao, mzere ndi mzere. Wophunzira akachoka ku Bologna, maphunziro ankapitirira ndi makalata: iye ankatumiza nyimbo yake yatsopano, iwo nkuibweza ili ndi malangizo. Njira imeneyi adailemba m'buku la magawo awiri lotchedwa Esemplare, limene lidayamba kutuluka m'chaka cha 1774. M'menemo muli zitsanzo za akatswiri akale, chilichonse ndi kufotokoza kwake. Olemba mbiri amawerenga anthu oposa 60 amene adaphunzira mozama kwa iwo, ndi ena ambiri amene adalandirako malangizo.

Chinthu chodabwitsa nchakuti iwo anali munthu wa maimbidwe akale a m'tchalitchi, pamene ophunzira ao ambiri mitima yao inali ku opera, kumene kunali ndalama ndi kutchuka. Sadawaletse kapena kuwatenga ngati othawa. Niccolò Jommelli adafika ku Bologna m'chaka cha 1741 kudzaonetsa opera yake, ndipo adakhala pansi kuphunzira kwa iwo. Pambuyo pake adatumikira ku Stuttgart, ndipo kuyambira 1769 ankatumiza nyimbo ku Lisboa kwa mfumu José I. Giuseppe Sarti, amenenso amawerengedwa mwa ophunzira ao, adakhala mkulu wa kwaya ya katedrale ya Milano m'chaka cha 1779, ndipo iye adaphunzitsa Luigi Cherubini. Padre Martini ankapereka maziko, ndipo nyumba yomanga pamwamba ankasiyira mwini wake.

Mwana wamasiye wa ku Leipzig

Mmodzi mwa ophunzira amene adawakonda koposa anali Johann Christian Bach, mwana wamwamuna wotsiriza wa Johann Sebastian Bach. Adabadwa ku Leipzig m'chaka cha 1735, ndipo bambo wake adamwalira iye ali ndi zaka 14. Adaleredwa ndi mkulu wake ku Berlin, kenaka adapita ku Italia ali ndi zaka pafupifupi 20. Ku Milano mkulu wina wolemera, Agostino Litta, adamsunga ndi kumlipirira, ndipo Padre Martini ndiwo adamphunzitsa. Mnyamatayo adaali wa mpingo wa Luther, komabe wansembeyo adamlandira. Makalata amene Bach ankalemba kuchokera ku Milano amaonetsa m'mene ankatumizira nyimbo zake za m'tchalitchi kwa mphunzitsi wake kuti azikonze zisadaimbidwe. Adalowa Eklezia Katolika, ndipo m'chaka cha 1760 adakhala woliza limba m'katedrale ya Milano.

M'chaka cha 1762 Bach adasamukira ku London, kumene adatchuka ndi kukhala mphunzitsi wa nyimbo wa mfumukazi. Patapita zaka ziwiri kudafika ku London kamwana ka zaka 8 kochokera ku Salzburg. Bach, amene adadziwa ubwino wa kulandiridwa m'dziko lachilendo, adakakomera mtima kamwanako, naimba nako pamodzi. Dzina lake linali Wolfgang Amadeus Mozart.

Mnyamata wa ku Salzburg

Mozart adafika ku Bologna ndi bambo wake Leopold m'mwezi wa Malichi 1770, ali ndi zaka 14. Adaimba m'nyumba ya mkulu wina wotchedwa Pallavicini, ndipo Padre Martini, amene sankapita kawirikawiri ku misonkhano yotere, adabwera kudzamva. Adaitana mnyamatayo ku San Francesco, namuyesa ndi timitu ta nyimbo kuti atiluke. Atate ndi mwana adapitirira ulendo wao ku Roma ndi ku Napoli, ndipo ku Roma Papa Clemente XIV adapatsa mnyamatayo mendulo ya ulemu. M'mwezi wa Julayi adabwerera ku Bologna, nakhala kumeneko miyezi itatu.

Anthu onse ankatama mwanayo kuti ndi chozizwitsa. Padre Martini, a zaka 64, adaona zimene otamawo sadaone: mphatso inali yaikulu ndithu, koma malamulo a maimbidwe akale mwanayo anali asadawagwire bwino. Adamkhazika pansi namuphunzitsa monga ankachitira ndi wina aliyense. Akulu amati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo mwana wozolowera kuomberedwa m'manja amasowa kwambiri munthu womuuza zoona mwachikondi.

Pa 9 Okutobala 1770 Mozart adalemba mayeso a Accademia Filarmonica. Lamulo linkafuna munthu wa zaka 20, koma adamlola. Adamtsekera yekha m'chipinda, nampatsa nyimbo ya Gregorio ya mau a Uthenga Wabwino otilangiza kufunafuna poyamba Ufumu wa Mulungu, kuti aisandutse ya mau anai. Adatha msanga. Akatswiri adaponya voti ndi timipira toyera ndi takuda, ndipo adamlandira. M'buku la bungwe adalemba kuti ntchitoyo inali yokwanira poganizira m'mene zinthu zinalili.

Mapepala a tsiku limenelo alipo ku Bologna, ndipo amatiuza zambiri. Pali ntchito ya mnyamatayo mwini, imene idaphwanya ena mwa malamulo a bungwe. Palinso ina yokonzedwa ndi Padre Martini, imene mnyamatayo adaikopera ndi dzanja lake. Akatswiri a mbiri amasiyana maganizo: ena amati wansembeyo adathandiza mwanayo oweruza asadaone pepala, ena amati adamkonzera pambuyo pake ngati phunziro. Ngati oyambawo akunena zoona, ndiye kuti mkulu wokhwima pa malamulo adapendekera kumbali ya chifundo, poopa kuti chikole cha malamulo chingatsekereze mwana wa mphatso yosaoneka kawiri. Ndipo munthu angafunse ngati zimenezo zidaali zolungama kwa ena olemba mayeso omwewo. Chimene mapepalawo amatsimikiza nchakuti zolakwa za mwanayo sadazibise kwa mwini wake, pakuti adamlembetsa yankho loyenera kuti aone pamene adaphonya. Patapita masiku owerengeka adamlembera kalata ya umboni, ndipo pa 26 Disembala chaka chomwecho opera ya Mozart yotchedwa Mitridate idaimbidwa ku Milano.

Awiriwa sadaonanenso pambuyo pake, koma chibale sichidathe. M'mwezi wa Sepitembala 1776 Mozart, ali ndi zaka 20, adatumiza kwa Padre Martini nyimbo ya pa chopereka yotchedwa Misericordias Domini, kupempha chiweruzo chao, ndi kudandaula kuti ku Salzburg Misa yoimba sinkaloledwa kupitirira mphindi 45. Iwo adayankha m'mwezi wa Disembala, kuyamika ntchitoyo ndi kumlimbikitsa kuti asaleke kudziphunzitsa.

Zithunzi pa khoma

Padre Martini anali ndi mwambo wopempha oimba kuti awatumizire zithunzi zao zojambulidwa ndi utoto, ndipo adasonkhanitsa zithunzi pafupifupi 300. Bach adatumiza chake chojambulidwa ndi Thomas Gainsborough. Leopold Mozart adatumiza cha mwana wake cha m'chaka cha 1777, atavala mendulo ya Papa ija. Wansembe wopanda ana ake obereka ankakhala pakati pa nkhope za ana amene adawalera.

Koma si onse amene zinthu zidawayendera bwino, ndipo iwo adakhala ndi moyo mpaka kumva za maliro a angapo. Pa 15 Meyi 1771 ophunzira ao awiri adapambana mayeso a Accademia tsiku limodzi: Josef Mysliveček wa ku Praha, mwana wa mwini chigayo, ndi Maksym Berezovsky wa ku Ukraina, wa mpingo wa Orthodox. Berezovsky adabwerera ku Russia namwalira m'chaka cha 1777 akali wamng'ono. Mysliveček adatchuka m'Italia monse, koma adafera ku Roma m'chaka cha 1781 ali wodwala ndi wosauka. Jommelli adamwalira m'chaka cha 1774, ndipo Bach adamwalira ku London pa 1 Januwale 1782 atasiya ngongole. Mphunzitsi angathe kutsekulira mwana khomo loyamba, koma matenda, kusinthasintha kwa mitima ya omvera ndi mayendedwe a mwini wake sizili m'manja mwake. Padre Martini adadziwa zimenezi, komabe sadaleke kulandira obwera.

Imfa yao ndi mbeu imene adasiya

M'zaka zao zotsiriza ankavutika ndi chifuwa ndi kutupa kwa miyendo. Burney adawapeza ali otero kale m'chaka cha 1770. Pambali pao panali m'bale wa chipani chomwecho, Stanislao Mattei, mwana wa ku Bologna wobadwa m'chaka cha 1750, amene iwo adamphunzitsa kuyambira unyamata wake ndi kumkonzekeretsa kulowa m'malo mwao. Padre Martini adamwalira pa 3 Ogasiti 1784, ali ndi zaka 78, ndipo Padre Mattei adatenga kwaya pamodzi ndi mabuku.

Masiku oipa sadachedwe. Asilikali a Napoleon adalowa mu Bologna m'chaka cha 1796, ndipo posakhalitsa nyumba za ansembe a zipani zidatsekedwa. Lamulo la Papa lija silidathenso kuteteza mabuku. Adawateteza ndi wophunzira. Padre Mattei adachotsedwa m'nyumba ya chipani, koma adasunga gawo lalikulu la chuma cha mphunzitsi wake, ndipo pambuyo pake adachipereka ku mzinda. M'chaka cha 1804 mzinda wa Bologna udatsekula sukulu ya nyimbo, Liceo Filarmonico, ndipo Padre Mattei adakhala mphunzitsi wa contrappunto. M'manja mwao mudadutsa Gioachino Rossini, amene adalowa sukuluyo m'chaka cha 1806, ndi Gaetano Donizetti, mwana wa banja losauka la ku Bergamo, amene mphunzitsi wake Simon Mayr adamsonkhera ndalama namtumiza ku Bologna m'chaka cha 1815. M'mwezi wa Malichi 1842 nyimbo ya Rossini ya Stabat Mater, yokumbukira Maria pa tsinde la mtanda, idaimbidwa ku Bologna, ndipo woitsogolera anali Donizetti: adzukulu awiri a Padre Martini pa ntchito ya nyimbo, patapita zaka 58 iwo atagona.

Sukulu ija ilipobe, ndipo imatchedwa Conservatorio Giovanni Battista Martini. Mabuku, makalata ndi zithunzi zimasungidwa ndi Museo internazionale e biblioteca della musica, imene idatsekulidwa mu Bologna m'chaka cha 2004, ndipo ophunzira ochokera ku maiko onse amapitabe kukaziwerenga.

Abale okondedwa, pa chikondwerero ngati chino timakumbukira amene adamanga makoma ndi amene adalalika. Moyo wa Padre Martini utikumbutsenso za amene amakhala pansi ndi mwana mmodzi kumuonetsa poika zala pa limba, kumkonzera liu lophonya popanda kumnyoza, ndi kumlankhulira kwa akulu ikafika nthawi yake yoti ayambe kutsogolera. Akulu a kwaya amakalamba ndi kumwalira, ndipo nyimbo zimatsala kwa amene adaphunzitsidwa. Ambuye awapatse mpumulo wosatha Padre Martini pamodzi ndi aphunzitsi onse a nyimbo amene adatitsogolera.